Za Nyumba Zoyenda pa Matayala, ndi Mtengo wa Ulendo Wautali

Mvula ikatha, udzu ukayamba kuuma, ndi mphepo ya mwera ikayamba kuomba panyanja, misewu ya kuno ku Salima ilandira alendo a mtundu umene makolo athu sadauonepo. Alendowo abwera m'magalimoto aatali msinkhu, a nsalu zotchinga m'mazenera, makwerero kumbuyo, ndi njinga zomangidwa padenga. Munthu akasuzumira m'katimo apeza kama, gome, chitofu cha gasi, thanki ya madzi, ndipo mwina ngakhale bafa ndi chimbudzi. Eni ake aitcha galimoto yotere motorhome; ife tingoti nyumba yoyenda, pakuti iyenda monga kamba, amene sasiya nyumba yake m'mbuyo.

Anthu a pa Chitala aziona nyumbazi akapita kumsika ku Salima, kapena akaima pamsewu waukulu kudikira matola. Tsono madzulo pabwalo mumva anyamata akuti: “Wochenjera ndi uyu. Salipira basi, salipira pogona, sagula nsima panjira. Ulendo wake ngwaulere.” Mawu awa asatiseketse, chifukwa pali mabanja amene ana awo ali ku Joni, ndipo anawo atumiza mawu akuti afuna kugula galimoto yoti azigonamo pobwera kumudzi, aliponso ena amene akagulitsa thonje ndi mtedza mtima uwakokera ku galimoto. Ndalama za thukuta la chaka chathunthu sizitayidwa chifukwa cha nkhani za pabwalo. Chifukwa chake tiyeni tikhale pansi, tiwerenge bwino.

Chitala ndi misewu yake

Poyamba tidziwitse amene akhala kutali za malo ano. Chitala ali kumpoto chakumadzulo kwa boma la Salima, m'chigwa chotentha chimene chayala pakati pa mapiri a Dowa ndi nyanja. Dziko lake nla milambe, masawu ndi misangu. Ndipo msangu, monga adziwa mlimi aliyense wa kuno, uyoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ili yobiriwira, kotero kuti chimanga chikula bwino patsinde pake. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la Empire Cotton Growing Corporation lidali ndi munda woyeserapo thonje m'dera lino la kumtunda kwa Domira Bay, ndipo lero pa Chitala pali malo a boma ofufuzirapo za ulimi. Mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno liswa mtengo, ndipo m'dzinja dothi lakuda la m'madambo ligwira tayala monga ulimbo ugwira mbalame.

Misewu iwiri yaikulu ipita pafupi nafe, nikumana chakufupi ndi tauni ya Salima. Wina, wa M14, utsika mapiri kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, nupitirira kukafika kunyanja pa Senga Bay. Wina, wa M5, utsata gombe: uchokera chakumwera ku Balaka, nupyola pa Golomoti, Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay, nukwera kukafika ku Mzuzu. Pa misewu imeneyi ndi pamene payenda nyumba zija. Ena mwa alendowo achokera ku South Africa, ena ku Ulaya. Ndipo pali malole aakulu onyamula anyamata ndi atsikana a maiko osiyanasiyana, oyenda pakati pa Nairobi ndi Cape Town, amene agona m'mahema pa Senga Bay, pa Kande ndi pa Chitimba. Onsewa chimene afuna ndi nyanja, mchenga ndi mpumulo.

Nyumba yoyenda ya makedzana

Komatu tisaganize kuti kuyenda ndi nyumba nkwachilendo m'dziko lino. Njanji isanafike, sitima za panyanja zinkakocheza pa Domira Bay, ndipo katundu wopita ku Mvera, ku Dowa ndi kupitirira apo ankakwera mapiri pamitu ya anthu. Mzungu wa boma kapena wamalonda akanyamuka ulendo, ankanyamuka ndi nyumba yake yonse: hema, kama, gome, mpando, bafa, mapoto ndi mabokosi a zakudya. Mtengatenga aliyense ankasenza katundu wolemera makilogalamu ngati 25, ndipo mwini ulendo ankagona m'machila, amuna khumi ndi awiri kapena oposa apo akulandirana mtanda wake pamapewa. Kwa wogona m'machilayo ulendo unkaoneka wotsika mtengo ndithu, pakuti mtengo wake weniweni unkagwera pakhosi pa ena. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri sadabwerere kwawo.

Ntchito yowawayi idachepa pamene padabwera malole ndi njanji. Sitima ya pamtunda idafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana pa Zambezi udatha, ndipo chaka chomwecho njanji idafika ku Salima, itadzera pa doko la Chipoka. Njanji yokwera ku Lilongwe idatsegulidwa mu 1979. Amuna opita ku Halale, amene kale ankayenda pansi milungu yambiri, mphasa ndi kapoto zili pamutu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adayamba kukwera malole a boma la Southern Rhodesia otchedwa Ulere. Dzina lake lidali lokoma m'khutu. Koma wokwera ankakalipira ulendowo ndi mphamvu zake m'minda ya fodya ndi m'migodi. Mbiri yonseyi itiphunzitsa chinthu chimodzi choti tichigwiritse powerenga: ulendo uliwonse pali amene aulipira, ndipo ukaoneka waulere, tifunse kuti walipira ndani, ndi kuti walipira liti.

Tiwerenge mtengo wake

Mwini nyumba yoyenda alipira kasanu, ndipo kulipira koyamba achita asanayende ngakhale phazi limodzi. Galimoto yotere igulidwa ndi ndalama zokwana kumanga nyumba yabwino ya njerwa zootcha ndi malata. Koma nyumba ya njerwa ikhala zaka zambiri, ana ndi adzukulu nailowa. Galimoto iguga chaka ndi chaka, iyende kapena isayende. Matayala ang'aluka ndi dzuwa, batire ifa, dzimbiri lidya chitsulo, ndipo msonkho ndi inshuwalansi sizidziwa kuti galimoto idagona pakhomo miyezi khumi. Munthu amene ayenda nayo milungu itatu yokha pachaka asenzetsa milungu itatuyo mtengo wa chaka chonse. Anyamata a pabwalo saona ndalama izi, chifukwa zidalipidwa kutali, iwo kulibe.

Kachiwiri alipira mafuta, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Nyumba yoyenda njolemera, ndipo poti njaitali msinkhu ilimbana ndi mphepo. Chifukwa chake imwa malita ngati 12 a dizilo pa makilomita 100 aliwonse, ndipo yaikulu imwa koposa apo. Pa ulendo wa makilomita 1,000 itha malita 120. Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, lita imodzi ya dizilo idafika pa K2,734. Pa mtengo umenewo malita 120 adali K328,080, ndipo kuchokera nthawiyo mtengo wakweranso. Tikumbukenso kuti mafuta onse a dziko lino achokera kunja, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira mu 2022, anthu adagona pamizere masiku angapo kudikira mafuta. Masiku otere nyumba yoyenda isanduka nyumba yokhala, mwini wake osadziwa tsiku lonyamuka.

Tsopano linganizani ndi basi. Basi yaikulu yonyamula anthu 60 imwa malita ngati 30 pa makilomita 100. Mukagawa, munthu mmodzi agwiritsa theka la lita, ndiye kuti malita 5 pa makilomita 1,000. M'nyumba yoyenda kawirikawiri mukhala anthu awiri, bambo ndi mayi. Malita 120 aja mukawagawa pawiri, aliyense atha malita 60, ndiko kuchulukitsa za wa pabasi ka 12. Ngakhale mutalowa banja la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense athabe malita 20. Inde, tikiti ya basi siilipira mafuta okha. Ilipiranso dalaivala, kondakitala, matayala ndi phindu la mwini basi. Koma zonsezo zigawidwa pa mitu 60 tsiku ndi tsiku, pamene mwini nyumba yoyenda azisenza yekha, ndipo akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Kachitatu alipira pa malire. Wochokera ku Johannesburg kubwera kuno ayenda makilomita pafupifupi 2,000, nadutsa malire atatu: pa Beitbridge polowa m'Zimbabwe, pa Nyamapanda polowa m'Mozambique, ndipo akaoloka Zambezi pa Tete alowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Wokwera basi aonetsa pasipoti yake, napita. Koma galimoto nayo ili ndi zikalata zake: chilolezo choilowetsa m'dziko kwa kanthawi, inshuwalansi yoteteza anthu ena pangozi, ndi misonkho ya msewu, ndipo dziko lililonse lifuna zakezake, kawirikawiri m'ndalama zakunja. M'dziko mwathu momwe muno, pamsewu wa M1 pali zipata zolipiritsa, cha pa Chingeni chimene chidayamba mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke chimene chidayamba mu 2022, ndipo galimoto yaikulu ilipira koposa yaing'ono.

Kachinayi alipira kukonzetsa. Amene ayenda pa msewu wa kugombe adziwa maenje ake, adziwanso kuti mitsinje yotsika m'mapiri ikadzaza ikokolola milatho. Minibasi ikathyoka chitsulo, makaniko wa pa Salima achipeza tsiku lomwelo, chifukwa minibasi zifanana ndipo zilipo zambiri. Koma nyumba yoyenda ya ku Ulaya ikathyoka kachitsulo kakang'ono, mwini wake adikira kuti kachokere ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo masiku onse odikirawo adya. Basi ikafa panjira, wokwera atsika ndi chikwama chake nakwera ina. Mwini nyumba sangaisiye nyumba yake patchire.

Kachisanu alipira pogona pomwe. Anyamata aja ayesa kuti mlendo angoima paliponse nagona. Koma si kawirikawiri kuti mlendo wachilendo m'dziko aimike galimoto yake pamalo amene sawadziwa. Afuna mpanda, mlonda, madzi odzaza m'thanki, magetsi, ndi potaya zonyansa za m'chimbudzi chake. Chifukwa chake madzulo mumpeza pamalo omangapo mahema a ku Senga Bay, kumene alipira usiku uliwonse, munthu aliyense payekha. Mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi chipinda cha m'hotela ya pagombe, koma si waulere. Ndipo usiku wa Okutobala, chitsulo chitatentha tsiku lonse, akatseka mazenera aphikika, akatsegula alowetsa udzudzu. Walira mvula walira matope.

Pamene nyumba yoyenda ipambana

Nanga alendowa ngopusa kodi? Iyayi, ambiri a iwo adawerenga bwino, ndipo tiyenera kuwachitira chilungamo. Mlendo wochokera kutali alibe mbale m'dziko lino. Akapanda kubwera ndi nyumba yake, usiku uliwonse alipira hotela, tsiku lililonse agula chakudya chophikaphika katatu, ndipo akafuna kukaona nyama ku Liwonde kapena kukwera ku Nyika, kumene basi siilowa, abwereka galimoto pa mtengo waukulu. Nyumba yoyenda imchotsera zitatuzi: agona pakama pake, agula tomato, mpunga ndi chambo pamsika naphika yekha, ndipo apita kumene afuna. Ngati ulendo wake ngwa miyezi isanu kapena chaka, ndipo galimotoyo ali nayo kale, zimene apulumutsa pa hotela zingapose zimene ataya pa mafuta.

Koma taonani chinsinsi chake. Tsiku limene ayenda makilomita 400 atentha malita 48, amene pa mtengo uja wa 2023 adali K131,232, ndipo chimene wapulumutsa ndi kama wa usiku umodzi wokha. Tsiku limene akhala pagombe osaliza injini satentha ngakhale dontho, koma apulumutsabe kama wa usiku umenewo. Motero nyumba yoyenda itsika mtengo pa masiku amene yaima, nikwera mtengo pa masiku amene yayenda. Ikomera munthu wa nthawi yambiri, wopuma pantchito, amene ayenda pang'ono nakhala milungu iwiri pamalo amodzi. Munthu wofulumira, amene afuna kuchoka ku Joni Lachisanu nafika pa Chitala Lolemba, nyumba yotere imdyera ndalama pachabe, chifukwa alipira zolemera zake zonse osalawa phindu lake.

Njira zathu za masiku onse

Ife a m'midzi sitiyenda kukaona dziko. Tiyenda chifukwa cha maliro, ukwati, matenda, sukulu ya ana, malonda ndi ntchito. Ndipo njira zathu, ngakhale zili zothinana ndi zafumbi, zonse zitsata nzeru imodzi ya kugawana mtengo. Wochoka pa Chitala akwera kabaza kapena njinga yamoto kukafika pamsewu waukulu, nakwera minibasi kapena matola kupita ku Salima, ndipo kumeneko apeza basi ya ku Lilongwe, ya ku Blantyre kapena ya ku Mzuzu. Minibasi iyenda msanga ikadzaza, koma ilipiritsa katundu, ndipo mtengo wake usinthasintha ndi nyengo. Chakumapeto kwa Disembala ndi potsegulira sukulu ukwera. Basi yaikulu ili ndi malo a matumba pansi pake, ndipo pa ulendo wautali ndiyo isunga ndalama ndi msana womwe. Njanji ya ku Salima, imene kale inkanyamula makolo athu kupita ku Limbe, kwa zaka zambiri tsopano yakhala ya katundu koposa anthu.

Panyanja pali nyumba yoyenda imene ili yathu tonse, ndiyo sitima ya Ilala. Idapangidwa ku Scotland mu 1949, zidutswa zake zidalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba ntchito mu 1951. Idatenga dzina la kasitima kaja ka 1875, kamene anthu adakasenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Ikakhala pa ulendo, Ilala ichoka ku Monkey Bay nikafika ku Chilumba patapita masiku ngati atatu, itadzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. M'menemo anthu mazana angapo agona, aphika, agulitsana usipa ndi chinangwa, sitima imodzimodziyo ikuwanyamula onse pamodzi ndi matumba awo. Wokwera m'chipinda chapansi afika ku zilumba ndi ku midzi ya m'mphepete mwa mapiri kumene nyumba ya matayala singafike ngakhale mwini wake atalemera chotani. Koma madoko ndi masiku ake asinthasintha. Funsani musananyamuke, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo nyengo ya mwera nyanja iopedwe: mu Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto, anthu oposa 140 nataya moyo.

Kama ndi mbale ya kwa achibale

Tsopano tafika pa chimene chisiyanitsa ife ndi alendo aja. Tanena kuti nyumba yoyenda ipulumutsa zinthu ziwiri zazikulu, pogona ndi chakudya. Koma ndani wa pa Chitala amene akapita ku Nkhotakota, ku Kasungu kapena ku Ndirande alipira hotela? Kumeneko kuli amalume, kuli azakhali, kuli alamu, kuli mnzathu wa kusukulu. Tikafika atiyalira mphasa, atitenthetsera madzi osamba, natipatsa nsima. Nyumba zathu zili kale m'njira monse, ndipo sizimwa dizilo. Munthu wa achibale akagula nyumba yoyenda agula chinthu chimene ali nacho kale. Ndiponso taganizani: mphwanu abwere kuchokera ku Joni, aimike galimoto pabwalo panu, madzulo akane mphasa yanu nakadzitsekera m'galimotomo, m'mawa aphike tiyi wake yekha. Kodi mudzi wonse sudzafunsa kuti mudalakwirana chiyani?

Komabe tikumbuke chija tidaphunzira kwa amtengatenga, kuti ulendo ukaoneka waulere pali wina amene walipira. Pogona pa kwa achibale si paulere; alipira ndi mwini khomo. Nkhuku imene atiphera inkaikira mazira ogulira sopo ndi mchere. Ufa umene atiphikira, ngati ali m'tauni, adachita kugula, pamodzi ndi makala ndi madzi omwe. Ana ake agona pansi kuti ife tigone pakama. Iye sadzanena kanthu, chifukwa ulemu umletsa. Koma mayi wa pakhomopo awerenga mumtima mwake kuti thumba la ufa lifika tsiku liti. Mlendo amene afika chimanjamanja ndi ana anayi, nakhala mwezi wathunthu, nabwerera akunyadira kuti ulendo wake sudamdyere ndalama, afanana ndi wogona m'machila uja.

Chifukwa chake mlendo wa ulemu awerengera mphatso m'mtengo wa ulendo wake, monga awerengera tikiti. Ife a kuno tili ndi zonyamula zimene a kumtunda ndi a m'tauni azilakalaka: mpunga wa kugombe, usipa ndi utaka wouma, mtedza, malambe, masawu, ndi mango pa nyengo yake. Kathumba ka mpunga ndi lichero la usipa sizifika ngakhale pa mtengo wa usiku umodzi m'hotela, koma zisunga khomo lotseguka zaka zambiri. Ndipo akulu adati mlendo ndi mame: afika, nakondweretsa, nakamuka dzuwa lisanatenthe. Masiku atatu a chikondi aposa mwezi wa kung'ung'udza kukhitchini.

Mawu kwa ana athu a ku Joni, ndi kwa makolo awo

Inu amene mwana wanu watumiza mawu a galimoto, musamkalipire, pakuti mtima wake ngwabwino: afuna kufika kwawo ndi katundu wambiri, ndi kuti makolo ake alemekezeke. Koma mfunseni mafunso anayi. Choyamba, galimotoyo idzayenda masiku angati pachaka, ndipo masiku otsalawo idzagwira ntchito yanji? Chachiwiri, mudzakwera anthu angati ogawana mtengo wa mafuta ndi wa pamalire? Chachitatu, ikafa pakati pa Nyamapanda ndi Tete, ndalama zoikokera ndi kuikonzera zilipo kodi, zosakhudza za feteleza ndi za fizi? Chachinayi, adzayendetsa yekha makilomita 2,000 kodi, usana ndi usiku, popanda womlandira chiongolero? Funso lotsirizali liposa onse, chifukwa tulo ta pachiongolero tadzetsa maliro ambiri, ndipo palibe ndalama yopulumutsidwa imene ingalingane ndi moyo wa mwana.

Akayankha moona, kawirikawiri adzapeza yekha kuti basi ya ku Johannesburg, imene ifika ku Blantyre ndi ku Lilongwe, imfikitsa ndi ndalama zochepa, ndi kuti katundu wolemera angathe kumtumiza ndi onyamula katundu a njira imeneyo, atalemberana bwino za mtengo ndi za msonkho. Ngati ali anayi kapena asanu a mudzi umodzi, ndipo mmodzi ali kale ndi galimoto yolimba ya zikalata zokwanira, kusonkherana mafuta kungathe kulingana ndi basi, makamaka ngati awiri mwa iwo adziwa kuyendetsa. Ndipo ngati afunitsitsa kugula galimoto, agule yoti ikafika kuno idzanyamule thonje, chimanga ndi odwala chaka chonse, kuti idzibwezere yokha mtengo wake. Galimoto ya kama ndi bafa singanyamule matumba, ndipo pakhomo pa mlimi ingokhala chogona cha nkhuku.

Yankho la funso la pabwalo lija tsono ndi ili. Kwa mlendo wopanda mbale m'dziko, wa miyezi yambiri, woyenda pang'onopang'ono, nyumba yoyenda ingathe kutsika mtengo koposa hotela ndi galimoto yobwereka. Kwa banja la m'mudzi, limene ulendo wake ngwa masiku owerengeka ndipo kumene lipita kuli achibale, basi, minibasi ndi sitima ndizo zotsika mtengo, ndipo kusiyana kwake nkwakukulu. Alendo aja tiwalandire bwino: tiwagulitse zipatso ndi nsomba pa mtengo woyenera, tiwalozere njira yoona, tiwathandize akatitimira m'matope, ndipo ana tiwaletse kuthamangira magalimoto awo ndi kupempha, pakuti kutero nkoopsa ndiponso kuchotsa ulemu wa mudzi. Koma tisawasirire.

Inu amene mukonzekera ulendo chaka chino, patulani ndalama za kupita ndi za kubwerera musanachoke, ndipo za kubwererazo muzisunge pazokha, zisasakanizike ndi zogulira zinthu pamsika. Nyamulani kamba wa panjira wa pakhomo panu, mbatata yootcha, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi abwino, pakuti zogula pawindo la basi zitha ndalama mosaoneka. Musaiwale masikito a ana, ngakhale mukupita kwa agogo awo. Kwerani galimoto ya masana, ndipo ikadzaza kopyola muyeso, kapena dalaivala akanunkha mowa, tsikani mudikire ina. Tsokonombwe adatha mtunda nkulumpha. Mukafika, perekani mphatso yanu kwa mayi wa pakhomo musanakhale pamphasa, ndipo muwauze tsiku limene mudzabwerera. Muyende bwino, ndipo mukapereke moni kwa onse a kumeneko.